Mbale Yoyera ya a Ngozo

Pa maliro a apongozi anga, a Ngozo, munthu amene anaimirira kunena mbiri yawo ananama kawiri. Anati malemuwo anali munthu wofatsa, wosadziwa mkangano. Anatinso chawatenga ndi chifuwa cha ukalamba. Ine ndinali kumbuyo, pa benchi lomwe a Ngozo anakhoma ndi manja awo, ndipo sindinatsegule pakamwa, poti mkamwini sayankhula pa maliro a eni mudzi. Mwezi uno chakwana chaka. Ndikulemba zomwe ndinameza tsiku lija.

A Ngozo sanali wofatsa. Anakanganapo ndi mkulu wa mpingo pa za kutalika kwa mabenchi, nakhala miyezi iwiri osapatsana moni. Magetsi akazima ali pakati pocheka thabwa, ankatuluka panja n'kumalalatira mawaya. Koma mdani wawo weniweni, yemwe analimbana naye mpaka tsiku lomaliza, anali fumbi.

Anapita ku Joni ali mnyamata, nakhala zaka zambiri akuboola mwala pansi pa nthaka. Anabwerako ndi sutikesi, chipewa, ndi chifuwa cholira ngati chitseko chosowa mafuta. Za kumeneko sankakonda kukamba. Chomwe ankabwereza n'chakuti miyala ikuluikulu imene ankaiopa sinaphe anzawo ambiri. Chinawatha ndi kafumbi kosaoneka, kamene kanawatsatira mpaka kumudzi n'kumawatola mmodzimmodzi pa makonde awo, wina ku Kandeu, wina ku Bwanje, eni migodi osadziwa n'komwe kuti munthu uja wafa. Chifuwa chimenecho ndicho a Mbewe, alamu awo, anachitcha cha ukalamba.

Ukalipentala sunali ntchito yawo. Ankalima chimanga ndi mpunga monga aliyense wa kuno kumunsi kwa Sharpevale. Matabwa anali chokonda cha mtima basi. Kuseri kwa nyumba anamanga kashedi ka malata, naikamo makina akale ochekera matabwa: tebulo lachitsulo lokhala ndi sowo yozungulira yotulukira pakati, yoyendera magetsi. Ankapanga mipando, zitseko, mabenchi, osagulitsa ngakhale chimodzi. Ukabwera ndi thabwa lako ankakupangira chomwe ukufuna, koma ukawafunsa kawiri kuti chitha liti, thabwa lako unkalipeza litatsamira pa khomo pako. Bokosi la maliro ankakaniratu. Ankati macheka awo ndi a anthu amoyo.

Mwana wawo wotsiriza, Eliza, amene anadzakhala mkazi wanga, anabadwa ndi mphumu. Iye ndiye anandiuza mmene nkhondo ya fumbi inayambira. Sabata yoyamba makina atafika, iye ali ku pulayimale, anabanika mpaka milomo kuda, bambo ake namuthamangitsira ku chipatala pa njinga. Atabwerako, mayi ake, a Nambewe, anaima pa khomo la shedi n'kuwauza amuna awo kuti asankhe, makina kapena mwana. A Ngozo anati sasankha, chifukwa vuto si makina ndiponso si mwana. Tsiku lomwelo anatenga mbale yoyera yachitsulo m'khitchini, osapempha, ndipo sinabwererenso kumeneko.

Mbale imeneyo ndiyo inali woweruza wawo. Akacheka matabwa, ankaiika pa shelefu n'kukamwa tiyi. Pobwerako ankapititsa chala pakati pake. Chala chikasiya mzere, ndiye kuti ntchito idakalipo. Ankati utuchi womwe umagwa pansi n'kumasesedwa ndi tsache ndi mlendo wabwino, amachoka ukamuuza. Woopsa ndi uja wosalala ngati ufa woyera, wotsalira m'mwamba makina atazima kale, kudikira munthu woti amupume.

Anayamba n'kumangirira thumba la feteleza kunsi kwa tebulo. Mbale inawatsutsa. Anatseka miyendo yonse ya tebulo ndi matabwa opyapyala, mipata yake n'kumata ndi mphira ya chubu cha njinga. Anatsekeratu moti mota inatentha mpaka kununkha. Pamenepo anazindikira kuti mpweya sungatuluke pomwe sukulowa, naboola tizibowo kutsogolo. Kenako anapeza fani yachitsulo yamphamvu, nailumikiza ndi paipi yoponya fumbi kunja. Fumbilo linakatera pa mfutso womwe a Nambewe anayanika, ndipo mudzi wonse unamva mawu a mayiwo. Anthu ankaseka. Ankati nkhalamba yabwera ndi misala ya ku Joni.

Ine ndinalowa m'mudzimo nkhondoyi ili pakati. Ndinali nditangotsiriza koleji, ndikuphunzitsa sayansi pa sekondale yapafupi. Tsiku lina, nditanjuta chapatali monga mwa ulemu, ndinawauza kuti paipi yawo ndi yopapatiza ndipo yakhota mwadzidzidzi katatu, choncho mpweya ukutha mphamvu usanafike kunja. Ndinaonjeza mawu ena a m'buku amene sanali ofunika.

"Apongozi," anatero osandiyang'ana, "buku lanulo linatsikako mumgodi?"

"Ayi, bambo."

"Likatsikako mudzandiuze."

Sabata yotsatira ndinapeza paipi yasinthidwa, yaikulu, yokhota pang'onopang'ono. Anandifotokozera kuti nzeruyo anaitenga ku ngalande za mpunga ku Bwanje, komwe madzi nawonso amadana ndi ngodya. Eliza anaseka mpaka kugwira chitseko.

Chaka chimenecho anayamba kupita ku chigayo popanda chimanga. Ankakhala pa mwala n'kumayang'anitsitsa chipangizo chachitsulo chija chonga fanulo, momwe ufa umazungulira n'kugwera m'thumba mpweya n'kutulukira pamwamba. Tsiku lachitatu ananditenga kupita kwa wokhoma zidebe wa pa msika, atajambula chinthucho pa katoni.

"Mukufuna kugaya chiyani, a Ngozo?" anafunsa wokhoma zidebeyo.

"Mphepo."

"Nanga ufa wake mudzadyera ndiwo zanji?"

"Iwe khoma malata. Mafunso ndi ntchito ya aphunzitsi awa."

Anakangana masabata awiri pa za kupendekeka kwa fanuloyo. Itatha, anaiika pamwamba pa mgolo, paipi yochokera kunsi kwa sowo n'kulowera cham'mbali. Atayatsa, utuchi unazungulira n'kugwera mumgolo ngati ufa. Anthu anawapatsa dzina loti a Chigayo. Koma mzere wa pa mbale unazilala mpaka unkafunika kuupendeketsa pa dzuwa kuti uwuone. Linatsala fumbi limodzi lokha, lomwe mano a sowo amaponya pamwamba pa tebulo molunjika nkhope ya wocheka. Limenelo linawakanika. Ankangodzimanga kansalu konyowa pamphuno, n'kuletsa Eliza ndi mwana wathu Takondwa kuyandikira shedi makina akamalira.

Eliza anamwalira mu Okutobala, nthawi yomwe anthu amatentha tchire ndi mapesi. Utsi unagona m'chigwa masiku angapo osasuntha. Anabanika m'mawa, ndipo tinafika naye ku chipatala mochedwa. Za iye ndilekera pomwepa. Chomwe chikufunika kudziwika n'chakuti makina aja anali atakhala masabata awiri osalira, chifukwa a Ngozo anali chigonere ndi chifuwa chawo. Aliyense m'mudzimo ankadziwa zimenezi.

Amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za bokosi, a Mbewe, amalume ake a Eliza, eni mbumba, anapukusa mutu n'kuyankhula mokweza kuti onse amve.

"Tinkanena ife. Mwana wapita ndi utuchi wa bambo ake."

Panalibe anawadzudzula. Ena anayang'ana pansi, ena anavomera ndi mphuno. A Ngozo anali atakhala m'mudzimo zaka zoposa makumi anayi, atamanga nyumba, atalera ana, atakhomera theka la mudzi zitseko, koma anali mkamwini ngati ine ndemwe. Pa maliro a mwana wawo womubereka okha analibe pakamwa. Anaimirira mochedwa, atagwira mtengo.

"Musapite kukagula bokosi," anatero.

Ndinawatsatira ku shedi. Anatsitsa matabwa a m'bawa amene ankasungira kabati ya Eliza. Kenako anagwira paipi ija ndi manja awiri n'kuizula pansi pa tebulo. Mphira yomwe anamata zaka zonsezo inang'ambika. Anakankha mgolo ndi phazi, fanulo n'kugwera pakona.

"Bambo, paipi," ndinatero.

"Tulukani, apongozi."

"Chifuwa chanu, bambo."

"Ndati tulukani. Fumbili ndikulitchingira ndani?"

Anatseka chitseko. Makina analira mpaka dzuwa kupendeka, anthu panja akuimba nyimbo za maliro mokweza kuti aphimbe phokosolo. Potuluka anali wofiira thupi lonse, m'nsidze, m'makutu, m'mphuno, akutsokomola mopinda msana. Bokosilo linali chinthu chokongola koposa zonse zimene anapangapo. Ndimadana nalo mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti zathera tsiku lomwelo. Sizinathe. Maliro atapita, anayamba kucheka tsiku lililonse magetsi akakhalapo, paipi ili pansi, kansalu kali pa msomali. Sankapanganso kanthu. Ankacheka thabwa kukhala timizere, timizere kukhala tizidutswa. A Nambewe analira, anatukwana, anabisa kiyi. Iwo anathyola loko. Fumbi linkatuluka m'mipata ya malata ngati utsi. Ndinkadziwa chomwe akuchita, ndipo iwo ankadziwa kuti ndikudziwa. Munthu amene anaona anzake akufa ndi fumbi sangalipume mwangozi.

Ndinakhala chete miyezi isanu. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu. Mkamwini salowa m'shedi ya apongozi ake kukawaphunzitsa kulira. Koma Takondwa, wa zaka zitatu, anali atasamukira m'nyumba ya agogo ake, ndipo windo la chipinda chomwe ankagona linayang'anizana ndi shedi. Mwanayo anatengera chifuwa cha mayi ake. Chakumapeto kwa dzinja anayamba kulira mluzu popuma. Nthawi yomweyo a Mbewe anandituma uthenga woti akakolola adzandisudzula, ndiko kuti adzandimasula ndibwerere kwathu monga mwa mwambo, mwana n'kutsala kwa eni mbumba. Ine ndinali woti ndichoka. Mwana anali woti atsala pansi pa windo limenelo.

Loweruka lina m'mawa ndinalowa m'shedi a Ngozo ali kumunda, n'kutenga mbale ija. Ndinaitsuka, ndinaiika pa windo la Takondwa cha mkati. Masana anacheka monga mwa masiku onse. Makina atazima ndinadikira nthawi yomwera tiyi, kenako ndinanyamula mbaleyo ndi manja awiri. Ndinawapeza atakhala pa kampando pa khomo la shedi, akupuma movutikira. Ndinanjuta, n'kuiika pansi patsogolo pawo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Chala chinapita chokha, mwa chizolowezi. Mzere unatuluka woyera bwino pakati pa fumbi lofiira, woti ukanatha kuuona uli ku msewu.

"Munaiika pati?"

"Pa windo pomwe amagona Takondwa. Mkati."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire m'mawa."

Anayang'ana nsonga ya chala chawo. Kenako anandiyang'ana ine, ndi ukali womwe ndinali ndisanauonepo.

"Miyezi isanu, apongozi. Munthu wa koleji. Mwadikira miyezi isanu kuti mundiuze?"

Ndinayankha mokweza, koyamba ndi komaliza. Ndinawauza kuti iwo ndiwo anandiphunzitsa za mbaleyo, ndipo sankafunika mphunzitsi kuti adziwe komwe fumbi limapita. Ndinati ngati akufuna kutsatira Eliza atsatire, njira akuidziwa, koma apite okha. Ndinati a Mbewe ananama tsiku lija, mudzi wonse ukudziwa, koma iwo akulimbikira tsiku ndi tsiku kuti bodzalo lisanduke zoona pa mwana wanga. A Nambewe anatuluka m'khitchini, atatiwona anabwerera.

A Ngozo sanapepese. Sindinawamvepo akupepesa munthu. Anatsokomola, analavula, anapukuta chala pa thalauza.

"Muli ndi chubu chakutha kwanuko?"

"Chilipo."

"Katengeni. Nanga mwakhaliranji?"

Tinagwira ntchito masabata atatu, ine ndikaweruka kusukulu. Iwo sankathanso kunyamula kanthu kolemera. Ankakhala pa kampando n'kumalamula, kunditcha wamanja a choko ndikakhotetsa msomali. Tinadzutsa mgolo, tinawongola fanulo, tinamatanso mipata yonse. Kenako anati tsopano tithane ndi la pamwamba lija. Ndinabwera ndi ndowa yapulasitiki yoonekera mkati. Tinaidula kukhala chivundikiro chophimba mano a sowo, n'kuchipachika pa mkono wathabwa wochokera ku denga, kuti chizikwera ndi kutsika malinga ndi kukula kwa thabwa, wocheka n'kumaonabe pomwe akucheka. Pamwamba pake tinalumikiza kapaipi kakang'ono kopita ku paipi yaikulu. Koyamba kapaipiko kanalanda mphamvu ya kunsi, utuchi n'kuyamba kuunjikana pansi pa tebulo. Anandiuza kuti nditenge pepala ndiwerengere kukula kwake.

"Buku lija silinatsike mumgodi, bambo," ndinawakumbutsa.

"Lembani, apongozi. Mwano mwauyamba liti?"

Nthawi yonseyo Takondwa ankagona kwa mkulu wake wa Eliza kutsidya kwa msewu. Tsiku lomwe mbale inakhala pa windo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makina akulira, chala n'kudutsa osasiya kanthu, a Ngozo anatuma akazi awo kuti akamutenge mwanayo.

Tsiku londisudzula linafika chimanga chili m'nkhokwe. M'mawa wonse a Ngozo anacheka matabwa, abale akusonkhana pabwalo, akudandaula za phokoso. A Mbewe atangoyamba kuyankhula, nkhalambayo inatulukira kuseri kwa nyumba, ikuyenda pang'onopang'ono, mbale ili m'manja. Anadutsa pakati pa anthu n'kuiika pa mawondo pa a Mbewe.

"Alamu, mbale iyi yakhala pa windo la mdzukulu wanu chiyambire m'bandakucha. Makina mwawamva nokha. Pititsani chala."

"A Ngozo, pano tili pa nkhani ina."

"Pititsani chala, alamu."

"Kodi mwayamba liti kuyankhula pa bwalo la eni ake?"

"Lero. Chala."

A Mbewe anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe wowathandiza. Anapititsa chala. Anachitembenuza. Chinali choyera.

"Onetsani anthu," anatero a Ngozo.

A Mbewe sanaonetse, ndipo sanabweze mawu awo aja a utuchi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoika mbaleyo pansi n'kupitiriza mwambo. Anandisudzula. Koma pofika pa za mwana mawu awo anali atatsika, ndipo a Nambewe atanena kuti bambo ake a Takondwa azibwera nthawi iliyonse yomwe afuna, panalibe anatsutsa. Ndinasamukira ku nyumba za aphunzitsi, ulendo wa theka la ola pa njinga.

A Ngozo anamwalira mu Julaye, kukuzizira. Mwina migodi ikanawatenga chaka chomwecho ngakhale pakanapanda miyezi isanu ija. Sindikudziwa, ndipo sindinawakhululukire. Sindinakhululukirenso anthu amene anawaseka zaka makumi awiri, n'kukhala chete pansi pa mango paja. Inenso ndinali pomwepo. Bokosi lawo anakagula pa msika, la paini wosapala bwino. Pomwe tinkawagoneka ndinaona utuchi uli m'makona mwake. Ndinauchotsa ndi mpango wanga, a Mbewe akukonza pakhosi kuti ayambe kunena za kufatsa kwawo.

Loweruka lapitali a Nambewe anandipatsa kiyi. Shedi ili momwe anaisiyira. Sowo yayamba dzimbiri m'mano, ndipo chivundikiro cha ndowa chija chikulendewerabe pamwamba pake. Mgolo uli theka ndi utuchi wa tsiku lomaliza; a Mbewe anaupempha kuti azisungiramo madzi, mayiwo anakana. Kampando kali pa khomo, kansalu kali pa msomali, kouma gwa. Pa denga pali kabowo ka msomali komwe dzuwa limalowera masana. Kale a Ngozo ankaima pamenepo n'kumatukwana tinthu touluka m'kuwalako. Tsopano kuwalako kumatsika mpaka pansi popanda chouluka. Panja Takondwa ankathamangitsa nkhuku, akukuwa, mpweya wake uli wonse. Mbale ili pa shelefu. Ndinapititsa chala, ndipo mzere unaoneka, koma linali fumbi la mumsewu, la chaka chathunthu. Ndinaipukuta ndi malaya, n'kuibwezera pamalo pake.